Chitamando cha Kapepala Kodzifafaniza

Alakatuli atamanda mafumu ndi mitsinje, alaliki akweza oyera mtima, ndipo ngakhale miyala yosanjikizana ya kuno ku Epworth inalandira ulemu wake pamene inasindikizidwa pa ndalama za dziko lino, kufikira pa pepala lija la madola 100 thililiyoni limene lero aligulitsa kwa alendo ngati chikumbutso. Koma sanaimirirepo munthu ndi mmodzi yemwe kunena zabwino za lisiti la makina a msonkho, kapepala kowonda ndi koterera kamene aliyense wa ife amisiri ndi a timasitolo amagona akukalota. Tsono ndiloleni ine, mmisiri wa matabwa wa ku Overspill, ndibweze ngongole imeneyi.

Mtundu wake ndi wachifumu ndithu. Agogo ake ndiwo chiphaso cha msonkho wa nyumba chimene chinatulutsa makolo athu ku Nyasaland, ena pansi, ena m'malole a bungwe lolemba antchito la Mthandizi, kudzatha mphamvu zawo m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia kufikira atasanduka machona. Iwo ankayesa kuti msonkho ausiya kutsidya kwa Zambezi, osadziwa kuti unali utawoloka kale nukhala pansi kuwadikira. Mdzukulu wake, msonkho wa VAT, anafika m'chaka cha 2004 natenga 15 pa 100 iliyonse. Mu 2020 anatichitira chifundo natsikira pa 14.5, ndipo mu 2023, ataona kuti chifundocho chatinenepetsa, anabwerera pamalo pake. Makina osindikiza malisiti anayamba mu 2010, ndipo masiku ano lisiti limatuluka ndi kachizindikiro ka timadontho kamene foni ikakaona imafunsa kwa okhometsa msonkho a ZIMRA ngati pepalalo lili lenileni.

Koma ulemerero wa kapepalaka suli pa mtundu wake ayi, uli pa kudzichepetsa kwake. Lamulo litero kuti wamalonda asunge zolembedwa zake zaka 6, ndipo lisiti, pomva lamulolo, silitsutsa, silinyinyirika. Lingoyamba kufufuta mawu ake lokha mwakachetechete. Pakuti silinalembedwe ndi inki, koma ndi kutentha kwa makina, ndipo chimene kutentha kunapatsa, kutentha komweko kumalanda. Liikeni m'katoni ya nsapato pansi pa denga la malata, lipyole mwezi wa Okutobala, mudzatsegule: mtengo wa misomali wayamba kuchoka, nambala ya msonkho yatsatira, dzina la sitolo latsala mthunzi wokha, ndipo pomaliza mugwira kapepala koyera mbee, kopanda banga, monga mtima wa munthu wobatizidwa m'mawa womwewo. Akulu anati mlandu suwola, ndipo ananena zoona. Chimene sanatiuze n'chakuti mboni yake ndiyo imawola.

Anansi anga ayesa mankhwala osiyanasiyana. Mlamu wanga wowotcherera zitsulo, munthu wosamala zinthu, anapita ndi malisiti a chaka chonse kukawamata m'pulasitiki pa makina otentha aja kuti akhale mpaka muyaya, ndipo anabwera nawo ali bii, akuda ngati makala, ali otetezedwa bwino lomwe ku mvula ndi chiswe. Mayi wina wosoka zovala anaona lake litakwinyika nalisita. Mkulu wa mpingo amawasunga m'Baibulo, pakati pa Mateyu ndi Maliko, poyesa kuti mlembi amene kale anakhala pa mpando wa msonkho adzawayang'anira. Koma amafufutika ngakhale pamenepo. Ochenjera amakajambulitsa pa fotokope, nalipira ndalama kuti asunge umboni wakuti analipira ndalama.

Apa ndiyenera kutsitsa mawu, chifukwa mkulu wake wa lisiti, amene amutcha invoisi, sasekedwa. Kuyambira Januwale 2024, aliyense wogulitsa katundu wopitirira madola 25,000 a ku America pachaka ayenera kulembetsa ku VAT, pamene kale malire anali 40,000. Ndipo ukalembetsa, msonkho umagwa pa iwe pamene walemba invoisi, ngakhale usanalandire ndalama. Upange mabenchi, uwapereke, ulembe pepala mwaulemu, bwana wa kampani akuuze kuti ubwere mwezi wamawa chifukwa wosayina ali kumaliro. Boma lilibe maliro, lifuna gawo lake pa nthawi yake. Motero mmisiri wa nsapato zong'ambika amakongoza boma m'malo mwa munthu woyenda pa galimoto, ndipo mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno umamufikira mochedwa. Ife osafika pa malirewo tisanyade: kampani ikafunsa kalata ya ITF 263, yosonyeza kuti zako za msonkho zili bwino, iwe n'kukhala ulibe, imadula 30 pa 100 usanagwire kanthu. Unalira ntchito zazikulu. Walira mvula walira matope. Ndipo makina amene amafuna magetsi ndi netiweki awatumiza kwa anthu amene magetsi amawaona pakati pa usiku, madzi amatunga pachitsime, ndipo msewu wa kunyumba kwawo umasanduka mtsinje mvula ikagwa. Msonkho wokha ndiwo umadziwa njira ya kwathu osasochera.

Nanga tinene chiyani za inu, alongo athu a m'mathakishopu, amene mumafunsa wogula ndi nkhope ya pemphero kuti, “Bambo, mufuna mtengo wa lisiti kapena wathu uja?” Makina anu amadwala matenda odabwitsa, ochira pokhapokha pakafika munthu wovala tayi. Ndipo galimoto yachilendo ikangokhota pa msewu wa Chiremba, uthenga umafika ku Domboramwari fumbi lake lisanatsike, zitseko n'kugwa motsatizana, eni ake n'kukhala panja kumasewera bawo monga anthu amene sanagulitsepo ngakhale machesi. Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho, anakwera mumtengo kuti aone. Kuno okwera mumtengo ndife, kuti tisaonedwe.

Mayi wa thakishopu ya pafupi ndi kwathu, amene sataya kanthu, ndiye anapeza ntchito yoyenera malisiti ofufutika. Amawasoka pamodzi ndi ulusi nalembamo ndi pensulo maina a onse otenga katundu pangongole, ndipo pensulo yawo siopa dzuwa, siopa Okutobala. Shuga amene ndinatenga chaka chatha akuwerengeka bwinobwino mpaka lero, pamodzi ndi tsiku lake, ndipo amandionetsa nthawi iliyonse ndikamadutsa.