Nkhondo ya pa Katoni

Mwezi wa Juni kuno ku Tsangano munthu sutuluka usiku mwachisawawa. Chisanu chake chimafika m'mafupa, ndiye madzulo ntchito imangokhala kuwotha moto ndi kunamizana. Ndi nthawi imeneyi pamene kunatulukira mwana wa mlongo wanga, uja amaphunzira ku Tete, atakolekera kalaputopu kokhala ndi nkhondo m'kati mwake.

Tiasilikali take n'tochepa ngati nyerere, koma timaphana ndi mtima wonse. Anati masewerawo ndi Age of Empires II, a chaka cha 1999.

"Amalume, chinsinsi chake n'chimodzi," iye anatero. "Wa mkondo amagwetsa wa pa hatchi, wa pa hatchi amaponda wa uta, wa uta amalasa wa mkondo asanamuyandikire. Aliyense ali ndi womuopa. Kulinso anthu amene amatsegula masewerawa n'kusintha manambala a asilikali. Zimenezo amati mod."

Batire itatha, ine ndinati zimenezo ndingazithe popanda magetsi. Ndinang'amba katoni ya sopo, n'kujambulapo ndi khala timabokosi 64 ngati ta drafuti. Ana ndinawatuma kukatola zitsekerero kuseri kwa bala. Za 2M zinakhala Angoni, za Manica Achikunda, ndipo za Frozy, poti zinachuluka, ndinati zikhale alimi wamba odzazira malo. Msilikali aliyense ndinam'patsa manambala anayi: nkhonya, moyo, liwiro ndi mtengo. Ndalama zogulira asilikali zinali nyemba, zomwe ndinatapa m'lichero la mayi a kunyumba iwo atayang'ana kumbali.

Mnyamata uja anandipatsa lamulo limodzi lokha, loti chinthu champhamvu chikhale chodula kapena chochedwa. Anati ngakhale pa chess kamsilikali ka kutsogolo amakawerengera 1, hatchi 3, mfumukazi 9, ndipo n'chifukwa chake mfumukazi imakhala imodzi pomwe tiasilikali timakhala 8.

Ndinamva bwino lomwe. Koma ine kuchimuna ndine Mngoni wa kwa Maseko, aja anakhazikika pa phiri la Domwe ku Angonia. Dzanja langa linalemba lokha: Mngoni nkhonya 9, moyo 9, liwiro 9, mtengo nyemba imodzi.

"Nanga chofooka chake n'chiyani, amalume?"

Ndinaganiza mpaka chikuni chinanyeka theka. "Amakonda nyama ndi mowa."

"Mowawo uli pati pa katonipa?"

Ndinamuuza kuti mwana safunsa akulu kawiri.

Loweruka kunabwera alamu anga a ku Furancungo, pa njinga yamoto ya ndalama za fodya. Ataona kuti Mchikunda ndam'patsa nkhonya 2, anavula chipewa n'kuchiika pa bondo, chizindikiro choti mlandu wayamba.

"Alamu, mukuidziwa Makanga inu? Dziko la a Caetano Pereira, banja lochokera ku Goa, lokhala ndi Achikunda onyamula mfuti, osaka njovu. Apwitikizi a ku Tete ankagona tulo ta kalulu chifukwa cha ife. Makanga inagwa mu 1902. Gomani wanu Angerezi anamupha mu 1896. Zaka zisanu ndi chimodzi zimenezo, alamu. Lembani pa katonipo."

Ndinawakumbutsa kuti mfuti yake inali gogodera. Ukaomba kamodzi uyambe kuthira wonga, kutsindira, kupempha mizimu, Mngoni ali pakhosi ndi chibonga. Mvula ikagwa, mfutiyo ndi ndodo yoyendera basi.

Mnyamata wa ku Tete anaomba m'manja. Anati mkangano wathuwo ndiwo yankho: Mchikunda azimenya ali patali mabokosi atatu, koma akaomba azipuma ulendo umodzi, Mngoni azithamanga, koma azimenya pokhapokha atagundana ndi mdani. Tinagwirana chanza. Alamu atapita kuseri, ndinanyowetsa chala chachikulu ndi malovu, mabokosi atatu aja n'kusanduka awiri. Ubwino wolemba malamulo ndi khala ndi umenewo.

Masewera oyamba ndinawatha madzi a tiyi asanawire. Ndinaimirira n'kuponda ngoma pang'ono. Achiwiri alamu anati nawonso atenga Angoni, ndipo poti ndi alendo ayambe ndiwo. Anandisesa ndisanasunthe chitsekerero chachitatu. Ndinakuwa kuti malamulowa ndi okondera, ndipo amene anawalemba alibe chilungamo. Onse anangondiyang'ana.

"Amalume, pogawa nyama ya mbuzi, wodula uja amasankha pomaliza. Mukafuna kudziwa ngati mwalinganiza bwino, lolani mnzanu asankhe mbali, inu mutenge yotsala."

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Ndinam'tsitsa Mngoni wanga kufika pa nkhonya 4, moyo 4, mtengo nyemba 5. Zinandiwawa ngati ndikugulitsa ng'ombe ya ngolo. Koma zoona zake, kuyambira pamenepo masewera anayamba kukoma. Ine ndi alamu tinkapambana mosinthana, aliyense akudandaula kuti wake ndiye waponderezedwa. Mnyamata uja anati onse awiri akamalira mofanana, ndiye kuti sikelo yakhala pakati.

Nthawi yonseyi mayi a kunyumba anali pa mphasa, akusankha nyemba zotsala, osanena kanthu. Kenaka anasendera.

"Bambo, tandipatsani nyemba 20 ngati enawa."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinawafunsa ngati akufuna Angoni kapena Achikunda.

"Awo otsika mtengowo."

Mlimi ndinali nditam'patsa nkhonya 1, moyo 1, liwiro 1, mtengo 1, ndipo sindinam'ganizirenso. Iwo anagula alimi 20, mbali yawo ya katoni n'kudzaza ngati msika wa pa malire tsiku la msika. Ine ndinagula Angoni anga anayi, ndi kuwalangiza mayiwo kuti asalire.

Mngoni woyamba anagwetsa mlimi mmodzi, alimi anayi n'kumuzinga ndi makasu. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinayesa kum'thawitsa, koma kothawira kunalibe, paliponse Frozy. Wachinayi ndinam'bisa pansi pa phazi, mwana wanga wamng'ono n'kuulula.

Wophunzira uja anatola kamtengo n'kulemba pansi. Anati Mngerezi wina, Frederick Lanchester, anazilemba kale mu 1916: gulu likachuluka kawiri, mphamvu yake imachuluka kanayi, chifukwa omenya achuluka komanso ofunika kuwagwetsa achuluka. Alimi 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400. Angoni anga anayi, ngakhale ndi nkhonya ndi moyo wawo wonse, anangofika 256. Ndinali nditagonja pogula pomwe.

"Za Mngereziyo ine sindizidziwa," anatero mayi a kunyumba akukutumula chitenje. "Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndipo sindinafunse n'komwe kuti asilikali anuwo amadya kwa yani."

Lolemba ndinapita kukagulitsa mbatatesi. Wogula anatulutsa ndowa yake, ija yomenyedwa kunsi mpaka kutupa ngati mimba ya mfumu, n'kunena kuti ndithire mpaka mulu. Ndinayamba kum'lalikira za chilungamo, chala chili m'mwamba. Ndipamene ndinaona kuti chalacho chidakali chakuda ndi khala. Ndinakumbukiranso kuti m'thumba langa mbatatesi zikuluzikulu ndinaziyala pamwamba, tating'ono tili pansi. Ndinatsitsa dzanja, tinagwirizana mtengo mwaulemu ngati anthu a mpingo umodzi.

Pobwerera ndinakonza mod yachiwiri m'mutu. Mlimi akwere mtengo kufika nyemba 3, ndipo pabwere msilikali watsopano dzina lake Mwini Khomo, wa nkhonya 9. Nditafika ndinafunsa kumene kuli nyemba za nkhondo.

"Zimene mwadyera nsima dzulo zija?"

Chuma chonse cha Makanga ndi Domwe ndinali nditachitsira m'mimba, ndi kupempha zowonjezera. Katoni ija anakolezera moto. Zitsekerero ana anapangira matayala a galimoto zawaya.

Ndapeza katoni ina, ndipo lamulo loyamba ndalemba kale ndi bolopeni: wosankha nyemba saloledwa kusewera. Ndikungodikira tsiku limene apite kuchigayo kuti ndililengeze.