Pa Kasina mwini sipika ndiye mfumu

Pa Kasina, m'mapiri a Dedza, makutu a munthu alibe ufulu. Wometa tsitsi ali ndi sipika yake, wakabaza wamangirira yake panjinga yamoto, ndipo wokazinga tchipisi cha kachewere akuliza yake pafoni yomanga ndi mphira. Aliyense amalumbira kuti amene amadziwa nyimbo ndi iyeyo.

Kwa akuluakulu, nyimbo zinayambira ku Balaka ndipo zinathera komweko: Alleluya Band, Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, "Soldier" yemwe anatisiya mu June 2024. Ikangolira ya Lucius, bambo amene sanagwetse msozi feteleza atakwera mtengo amayamba kupukuta m'maso, n'kumanamizira utsi wa mbaula. Wina pambali amangodikira Black Missionaries ya ku Chileka, ndipo kwa iye Evison Matafale, yemwe anamwalira mu 2001, sanapezekebe womuposa.

Achinyamata akufuna Eli Njuchi, Driemo ndi amapiano a ku South Africa, omwe agogo amati akumveka ngati chigayo chimene chikukana kulira.

Amene anathetsako mkanganowu ndi Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930. Ataimbanso "Linny Hoo" ndi Patience Namadingo mu 2020, nyimboyo inafalikira dziko lonse lapansi pa TikTok. Zidzukulu zinathamangira kukaonetsa agogo "nyimbo yatsopano", koma agogowo anayamba kuimba mawu onse pamtima, foni isanamalize n'kutsegula komwe.