Galu wa ku Maselema ndi Tizipatso ta m'Kabokosi

Ku Maselema kuli agalu amitundu iwiri. Ena amadya mkute wa nsima ya madeya ndi mitu ya usipa, usiku n'kumauwa mpaka mbandakucha. Ena amakwera galimoto, mpando wakutsogolo, mutu pawindo, kudutsa mu Masauko Chipembere Highway ngati msewuwo amaulipirira msonkho.

Wa amadamu a pageti lakuda ndi wa gulu lachiwirili. Loweruka amadamuwo anabwera kuchokera ku Chichiri ndi kabokosi ka mabulubere, kokwana m'chikhatho, koma mtengo wake woti alonda n'kugulira ndiwo za masiku angapo.

"Achimwene, foni ikuti izi n'zabwino kwa galu. Muzimupatsa zitatuzitatu."

Foniyo siinaname. Madokotala a ziweto amavomereza kuti mabulubere savulaza galu, bola akhale ochepa, chifukwa akachuluka amatsegula m'mimba. Zoopsa ndi mphesa, zaziwisi ngakhalenso zouma zija za m'keke, zomwe zimatha kuwononga impso za galu, komanso chokoleti, anyezi ndi adyo. Koma apa amadamu sanawerengepo, poti madzulo aliwonse amamukhuthulira galuyo msuzi wa nkhuku wodzaza anyezi.

Alonda, omwe amabwera wapansi kuchokera ku Bangwe, anatiyang'anitsitsa tizipatsoto. "Kodi si abale ake a mabulosi awa, amene ana amathyola ulere kuseri kwa mpanda?" Galu anangonunkhiza, n'kuyetsemula, ulendo.

Nkhani siigona, inalumpha mpanda. Amayi a nyumba yoyandikana, osafuna kuchepa, analengeza mokweza kuti wawo amadya masitiroberi a ku Zomba, ogula ku Ku Chawe kwenikweniko. Mwini nkhaniyo nthawi imeneyo n'kuti ali kudzala, akukukuta chitsononkho.

Alonda anatsokomola kaye, n'kufunsa amadamu awo.

"Pepani madamu, kodi galuyu anabayitsa katemera wa chiwewe? A Mission Rabies aja anayamba kubaya ulere mu Blantyre muno mu 2015."

"Iii achimwene! Akaime pamzere ndi agalu a ku Ndirande? Mukufuna anditengere utitiri?"

Lolemba m'mawa amadamu anapeza kabokosi kali mbee. Anaomba m'manja, n'kuimbira foni anzawo a kutchalitchi kuti galu wawo tsopano wazolowera zakudya zopatsa thanzi.

"Achimwene, wamaliza zonse eti? Ndikagulenso?"

Alonda anangogwedeza mutu, milomo ili chitsekere. Kuyankha ndi pakamwa sikukanatheka, lilime linali likadali labuluu.