Chikamwini cha ku Birmingham

Mukadzafika pa Mtakataka mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mbuzi zitaunjikana pansi pa mlambe, n'kuona munthu wamkulu ndi ndevu zake akuyenda m'mbali mwa msewu wa M5 atakoleka chijasi chaubweya pamkono, musadzafulumire kunena kuti mutu wake sukugwira. Ndine ameneyo. Chijasicho ndikuchifunira wogula.

Dzina langa lenileni anthu analiiwala kalekale. Anyamata a kabaza amangoti "a Birmingham", amayi ogulitsa usipa amati "bwana a kunja". Aliyense amene mkazi wake, mwamuna wake kapena mwana wake ali kunja, kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mua, amabwera kwa ine kudzafunsa nzeru za viza yolondola banja. Kutali kumene ndinafikako ine ndi ku Lilongwe, koma nzeruzo ndimapereka ndithu, ndipo n'zaulere, chifukwa mtengo wake ndinalipira kale ndekha.

Mayi a kunyumba kwathu anakwera ndege pakati pa chaka cha 2024 kupita ku Birmingham, ku Britain, kukagwira ntchito yosamalira nkhalamba. Ine ndinkauza aliyense kuti mkazi wanga ndi nesi. Pachithunzi chimene anatumiza anali atavala yunifolomu, ndiye ndikanati chiyani? Agogo athu ankapita ku Joni pa Wenela, mpaka ndege ya Wenelayo inagwa ku Francistown mu 1974 a Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Nthawi imeneyo amuna ndiwo ankapita, akazi ankatsala, ndipo panalibe woganiza zoti mkazi angalondole mwamuna ku migodi. Lero zinatembenuka. Mayi anapita, ine n'kutsala ndi ana atatu ndi mthiko. Titadya nsima ya mibulu miyezi isanu ndi umodzi, mwana wamng'ono anandifunsa ngati amayi ake anapita ndi ufa wabwino uja. Tsiku lomwelo ndinatsimikiza mtima: tikuwalondola.

Amalume anga atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, chimene ukufunachi si chachilendo ayi. N'chikamwini basi. Ukupita kwawo kwa mkazi." Ananena zoona. Mkamwini kuno amayamba waonetsa kuti si mlesi: alime munda wa apongozi, amange nyumba, akonze nkhokwe. Boma la Britain nalonso ndi apongozi, kungoti silifuna kuona khasu, limafuna pepala. Apongozi a kuno umawapatukira panjira mwaulemu. Awa sudzawaona n'komwe nkhope yawo. Mumalankhulana pa intaneti, iwo amafunsa, iwe umayankha, ndipo ndalama ya fomu ukalipira sibwerera ngakhale akukane.

Funso lawo loyamba linandipsetsa mtima: onetsani kuti munthuyu ndi mkazi wanudi. Ine? Zaka khumi ndi zisanu, ana atatu, chinkhoswe chimene mudzi wonse unavina mpaka fumbi kobo! Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi anthu onse akuona. Koma umboni umenewo tinadya tsiku lomwelo ndi nsima. Lamulo lathu la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa pachikhalidwe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa kwa DC, ngakhalenso wa anthu ongolowana amene akhalitsa limodzi. Koma munthu wokhala pa kompyuta ku Ulaya sadziwa kuti nkhoswe n'chiyani, ndipo amalume simungawatumize pa imelo.

Ndinakumbuka kuti ukwatiwo tinakadalitsanso kutchalitchi. Ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, n'kupeza kuti chiswe chinandiyambira kale kuwerenga setifiketi ija. Dzina la mayi chinalisiya bwinobwino. Langa chinadya lonse. Malinga ndi pepalalo, mkazi wanga anakwatiwa ndi bowo. Mwayi wake, ansembe ndi anthu okonda kulemba. A ku Mua akhala pamalo paja kuyambira 1902, ndipo ukwati uliwonse wa m'tchalitchi umalowa m'kaundula. Anandilembera ina. Choncho inu amene mukadali ndi ukwati wa nkhuku zokhazokha, kalembetseni lero, mnzanuyo asanakwere ndege. Akapita n'zovuta, chifukwa munthu sangasayinire pa foni.

Pepala latsopanolo ndilo linaulula kuti m'thupi mwanga mukukhala anthu atatu. Pa ubatizo ndili ndi dzina lina. Ku sukulu ndinabwereza Sitandade 8 pa dzina la msuweni wanga, monga ankachitira ambiri masiku amenewo, ndipo dzinalo linandikakamira. Pa chiphaso cha unzika cha mu 2017 ndinadzichotsera zaka zitatu, poganiza kuti mwina tsiku lina apolisi adzafuna anyamata. Apongozi a ku Britain amafuna munthu mmodzi, wa dzina limodzi, wobadwa kamodzi. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa pasipoti ndi setifiketi ya ukwati, ndiye kuti mwaputa mafunso. Ndinayenera kukalumbira pamaso pa wa zamalamulo kuti anthu atatuwo ndine ndemwe, ndipo ana athu anafunika zikalata zakubadwa za ku NRB, chifukwa kabuku ka kusikelo kamene tinkasunga ngati golide kaja si chikalata chakubadwa.

Zimenezi zinandikweza mtunda wa Khwekhwerere kupita ku Dedza boma mwezi wa Juni, nditavala malaya a manja aafupi ngati munthu wa kunyanja weniweni. Nditatsika minibasi mano anayamba kuimba okha. Mayi wina wogulitsa mbatesi anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, mwachokera kuchigwa eti?" Ndinamuuza monyada kuti ndikupita ku Britain. Anati kumeneko kumazizira kuposa pano kakhumi. Ndinalowa pa kaunjika osanenerera n'komwe mtengo. Umo ndi mmene chijasi chinalowera m'banja mwathu.

Za pasipoti ndingonena mwachidule, chifukwa bala lake silinapole. Kunja kwa ofesi ina mnyamata wovala taye, wonunkhira bwino, anandiitana kuti "bigi", n'kunena kuti ali ndi anthu ake mkati. Anatenga ndalama zanga kuti akasinthe. Mpaka lero akusinthabe. Dobadoba wina anati angandikonzere sitetimenti ya ku banki yooneka yonenepa. Ameneyo ndinamukana, osati chifukwa cha chilungamo, koma m'thumba munali mutauma. Ndinadzamva pambuyo pake kuti a Britain akakugwira ndi pepala labodza akhoza kukutsekera khomo mpaka zaka 10. Umphawi unandipulumutsa.

Kenaka panabwera nkhani yoonetsa kuti ukwatiwo udakali moyo, kuti si wa papepala pokha. Amati zithunzi, mauthenga, ndalama zimene mumatumizirana, zonse zimathandiza. Chithunzi chathu cha ukwati chikuonetsa mayi atakhala pampando, ine nditaima potero, manja kumbuyo, nkhope ili gwa, ngati mlonda wa pa banki. Kwathu kuno mwamuna sakumbatira mkazi apongozi akuona, koma kodi zimenezo mungazilembe pati pa fomu? Ndinaitana mphwanga wina amene anafika Fomu 4 kuti tisankhe mauthenga a pa WhatsApp. Iye anandiuza kuti chilichonse chosakhala m'Chingerezi kapena m'chilankhulo cha ku Wales chimafunika womasulira wovomerezeka, wosayinira dzina lake. Tinayamba kuwerenga.

"Ndalama ija yafika?"

"Yafika, koma yachepa."

"Ndalama ija yafika?"

"Yafika. Feteleza wakwera."

Tinatsika miyezi isanu ndi itatu, nyimbo ili yomweyo. Mawu oti "ndimakukondani" tinawapeza kamodzi kokha, ndipo mzere wotsatira unali wopempha ya matayala a njinga. Mphwanga anandiyang'ana mwachisoni. "Amalume, izi tikamasulira adzayesa kuti mumalemberana ndi banki." Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kulemba mawu achikondi m'mawa uliwonse, mpaka mayi anaimba foni kufunsa ngati ndalakwa chinachake.

Aliyense wochokera ku Malawi wofuna kukakhala ku Britain kupitirira miyezi isanu ndi umodzi amayenera kuyezetsa chifuwa chachikulu, ndipo si pachipatala chilichonse, koma chokhacho chimene iwo anavomereza. Ine chibadwire sindinadwalepo chifuwa, koma nditangoima pa makina ojambulira, fumbi lonse la msewu wa Salima linakumbuka kuti lili pakhosi panga. Ndinadzigwira mpaka misozi. Anandipeza ndili bwino. Chimene sindinawerenge n'chakuti pepala limenelo limagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ndinathamangira kuyezetsa ndalama ndisanasonkhe, ngati munthu wotereka madzi a nsima chimanga chidakali kumunda.

Ndalamazo ndiye zinandikalambitsa. Wolondola mnzake amene ali pa viza ya ntchito amayenera kuonetsa mapaundi 285 a iye mwini, 315 a mwana woyamba, ndi 200 a mwana aliyense wotsatira. Ife anayi zinakwana mapaundi 1,000 ndendende, osawerengera ya fomu ndi ya ndege. M'mapaundi zimamveka zochepa. Zisintheni m'makwacha athu, amene anagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, mudzafuna mpando. Ndinagulitsa mbuzi zonse, njinga, ndi matumba a mpunga amene ndinakolola ku sikimu ya Bwanje. Zotsalazo ndinakongola ku banki m'khonde kudzera mwa mlongo wanga.

Kupeza ndalama si kumene kunavuta kwambiri. Lamulo limati zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana, osatsika ngakhale tsiku limodzi. Amene analemba lamulo limeneli sanakhaleko m'mudzi. Tsiku la 19 kunagwa maliro a kuchimuna, bokosi linayang'ana ine. Tinayambiranso kuwerenga. Tsiku la 24 mwana anabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi. Tinayambiranso. Ulendo wachitatu ndinatenga khadi la ku banki n'kukalisiya kwa apongozi anga enieni, amayi ake a mayi a kunyumba, amene analimanga pa mfundo ya chitenje. Kumeneko ngakhale utabwera ndi maliro a iwe mwini sungalitenge. Masiku 28 anakwana, pepala la chifuwa litatsala ndi milungu iwiri.

Alamu anga a ku Johannesburg anati ndikudzivutitsa, kwawoko munthu umangokwera basi. N'zoona kuti Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30. Koma ukapitirira ndi masiku oposa 30 ena, potuluka amakudinda kuti usabwerenso zaka zisanu, ndipo akakugwira mkati umakadikira basi yobwerera ku Lindela. Viza ya wachibale imafuna kuti wokuitanayo akhale nzika kapena wokhazikika mwalamulo. Alamuwo nditawafunsa kuti iwo ali pa pepala lanji, anayamba kukamba za mpira. Kwina konse apongozi ndi ovuta chimodzimodzi. Wokwatira nzika ya Britain amafunika kuti mnzakeyo azipeza mapaundi 29,000 pachaka kuyambira mu Epulo 2024, pamene kale anali 18,600, kuwonjezapo mayeso a Chingerezi. A ku United States mu Ogasiti 2025 anayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ongofuna kukacheza. Nditamva zimenezo ndinadziona wamwayi.

Ndinatsanzika. A kumphakati anandipempherera. Khasu langa ndinapatsa mnansi, malo anga a pa bawo ndinasiyira mnyamata wina, ndipo anthu asanu ndi awiri ndinawalonjeza mafoni. Kenaka ine ndi mphwanga tinakhala pa kompyuta kuti tidzaze fomu, chijasi chili pamwendo. Fomu inafuna nambala ya viza ya mayi. Tinawaimbira pa vidiyo. Akutchula nambalayo, mphwanga anafunsa kuti pa pepala lawo ntchito analemba kuti chiyani. Atayankha, mphwangayo anakhala chete, akuwerenga china chake pa foni, kenaka anandiyang'ana monga umayang'anira munthu amene sanamvebe uthenga wa maliro.

Kuyambira pa 11 Malichi 2024, wolowa ku Britain pa ntchito yosamalira nkhalamba saloledwa kuitana mkazi, mwamuna kapena ana. Nesi amaloledwa. Amene anapempha viza yawo tsikulo lisanafike amaloledwa. Mayi a kwathu anapempha patapita milungu ingapo, ndipo unesi wawo unali wa m'kamwa mwanga mokha.

"Abambo, nanga si ndinakuuzani chaka chatha? Ndinakutumizirani uthenga wamawu."

Tinaufufuza n'kuupeza. Unali wa mphindi zisanu ndi ziwiri. Ine ndinamvera poyambirira pokha, pamene ankanena kuti ndalama atumiza Lachisanu, n'kuyankha kuti "Ameni".

"Nanga miyezi yonseyi mumangondionerera bwanji, mayi?"

"Poyamba ndimayesa mukuseka. Kenaka amayi anandiuza kuti mwasunga ndalama masiku 28 osakhudza. Chikwatiranireni sizinachitikepo. Ndinati ndisakusokonezeni. Mawa mupite nawo limodzi mukagule malata."

Mphwanga, pofuna kunditonthoza, anati ilipo viza yokacheza, ya miyezi isanu ndi umodzi, yosaloleza kugwira ntchito. Chachikulu n'kuonetsa kuti uli ndi zinthu zokubweza kwanu: ziweto, munda, bizinesi. Ndinamukumbutsa kuti mbuzi ndinagulitsa, njinga ndinagulitsa, khasu ndinapatsa mnansi.

Nyumba tsopano ili ndi malata. Mnyamata uja wakana kuchoka pa bawo. Anthu asanu ndi awiri aja akandiona amafunsa za mafoni. Chijasi anthu onse amachiyamikira, amachisisita, amati n'chapamwamba, kenaka amapukuta thukuta n'kupitiriza ulendo. Ogula enieni ali ku Dedza kumtunda, ndikudziwa, koma ya minibasi ndilibe. Khadi lija lidakali pa chitenje cha apongozi.