Tikusewera amisiri akadali padenga

Za mizere ya mafuta ndi mtengo wa shuga ndawasiyira anzanga olemba nkhani zikuluzikulu. Makutu anga masiku ano ali kwa anthu ena, aja oyenda ndi laputopu m'chikwama chakumsana, maso ali psuu chifukwa chosagona, amene akakumana kometetsa kapena pabenchi ya wokonza mafoni moni wawo amakhala umodzi: "Aise, apudeti ija yatuluka?"

Magemu amene awazunguza mitu si a mpira kapena owomberana ayi. Ndi aja oyerekezera ntchito ndi moyo weniweni: kukonza galimoto, kugulitsa m'sitolo, kumanga mudzi, kuulutsa chombo. Ndipo ambiri mwa magemuwa eni ake sanamalize kuwapanga. Minecraft inayamba kugulitsidwa isanathe kale mu 2009, koma khomo linatseguka kwa aliyense mu Malichi 2013, pamene Valve, mwini wa msika wa magemu wa Steam, anayambitsa zimene amazitcha Early Access: lipira lero, sewera zimene zilipo, zotsalazo zizibwera pang'onopang'ono.

Ife kuno zoterezi sizifuna kutifotokozera kawiri. Ndani sanachezerepo mbale wake amene analowa m'nyumba siling'i mulibe, zenera lakuchipinda litatsekedwa ndi njerwa, mawaya akulendewera, mwiniwake akukuyendetsa uku akuloza kuti apa padzakhala bafa, apa tidzaika matailosi? Ana amabadwa n'kukuliramo, bafa lija likadali pakamwa. Kungoti nyumbayo ndi yako. Pagemu mmisiri akhoza kutsika padenga tsiku lina, osabweranso, makiyi ali m'thumba mwake.

Nkhani imene yaseketsa anthu kwambiri ndi ya makaniko wina wa ku Biwi. Mkuluyu anakodwa ndi My Summer Car, gemu ya ku Finland imene Johannes Rojola anaitulutsa isanathe mu Okutobala 2016. Amakupatsa chigoba cha galimoto yotchedwa Satsuma, yofanana ndi Datsun yakalekale ija, zitsulo zili mbwee m'galaja, popanda wokuuza poyambira. Bawuti iliyonse ili ndi sipanala yake. Ukaiwala kumanga imodzi, gemu siikuchenjeza, umadziwira pamsewu tayala likukupitirira. Pamwamba pa izo munthu wakoyo ayenera kudya, kumwa madzi, kugona, kukodza ndi kusamba, ndipo akafa pangozi umayambanso. Ndiye akuti mayi akunyumba anapirira mpaka anatopa: "Bambo a mwana, tsiku lonse muli kunsi kwa magalimoto a eni, usiku mukukwawiranso kunsi kwa ya m'kompyuta. Nanga yathu ili panjerwa panjapa idzakonzedwa ndi ndani?" Bamboyo akuti anayankha kuti ya m'kompyutayo masipeya ake sadikira kuti madola apezeke. Anthu a pagalaja mpaka pano akutsutsana ngati yankho limeneli linali lanzeru kapena ndi limene linachititsa kuti adye nsima yozizira.

Gemuyi inatha kupangidwa mu Januwale 2025, patadutsa zaka zoposa zisanu ndi zitatu. Mukanaganiza kuti mkulu uja anasangalala. Ayi ndithu, akuti anakhumudwa, poti panalibenso choti azidikira.

Apa ndi pamene ndinayamba kumvetsa matendawa. Anthuwa sakonda gemu yokha, amakondanso kuiona ikukula. Opanga akalemba mndandanda wa zimene asintha, anyamata amauwerenga mzere ndi mzere, kutumizirana pa WhatsApp, wina n'kumadzitama kuti vuto lachitseko lija ndi iye analinena. Kaya analinenadi, palibe angatsimikize, poti olemba madandaulo otere ndi ankhaninkhani dziko lonse lapansi. Koma kwa munthu amene anazolowera kuti dandaulo lake limathera pawindo la ofesi, kuona chinthu chikukonzedwa chifukwa anthu anena n'kokoma ndithu.

Ku Limbe nkhani ili pa BeamNG.drive, ya ku Bremen m'dziko la Germany, imene ili pa Early Access kuyambira 2015. Galimoto za m'menemo anazimanga ndi timfundo tolumikizana tambirimbiri, moti ikagunda mtengo imapindika pomwe yagundapo, boneti kukwinyika, chiwongolero kuyamba kukokera mbali imodzi. Eni ake akuti ndi gemu yoyendetsa, koma sindinaonepo munthu akuiyendetsa bwinobwino kupitirira mphindi zochepa. Onse amathamangira kukagwetsa basi kuphompho. Ndamva kuti pali wowongola magalimoto wina amene amaima kumbuyo kwa osewerawo n'kumatchula mtengo wa ntchito: iyi ndingaiwongole, iyi chitseko n'chogula china, iyi basi kagulitseni kwa a zitsulo. Chodandaula cha onse n'chakuti gemuyi imafuna kompyuta yamphamvu. Malaputopu athu ogula pa kaunjika wa zamagetsi amalira, kutentha, kenako chithunzi n'kuima galimoto ili m'malere.

Koma mkangano weniweni, wofika poimitsa makina ometera, ndi wa Star Citizen. Chris Roberts anayamba kusonkhetsa ndalama za gemu ya zombo za m'mlengalengayi mu 2012, anthu n'kumayembekeza kuti ituluka cha mu 2014. Pofika 2025 anthu anali ataponyamo madola oposa 800 miliyoni, ndipo gemuyo ikadali yoyeserera. Mwana amene anabadwa chaka chimene msonkhemsonkhewu unayamba, pano nkhani zake ndi za kusekondale. Ndalama zambiri zimabwera pogulitsa zombo, zina zoti sizinayambe n'kuuluka komwe, zikadali zithunzi, ndipo panatuluka ngakhale phukusi la zombo la madola 48,000. Kuno ochepa okha ndi amene anaiseweradi, poti imafuna makina ndi intaneti zimene ambirife timangozimva. Koma aliyense ali ndi msuweni ku Johannesburg kapena ku Manchester amene anagula chombo, ndipo msuweniyo ndiye amakhala mboni ya mbali zonse ziwiri. Okhulupirira amati palibe gemu ina imene umadzuka pabedi, kukwera sitima ya mumzinda, kulowa m'chombo chako, kuuluka mpaka kukatera padziko lina popanda chithunzi kuduka. Otsutsa amavomera, n'kuwonjezera kuti zonsezo zimatheka ngati chikepe cha m'nyumba yogonayo chabwera, poti zikepe za m'gemuyi zinatchuka ndi kusabwera, kapena kubwera n'kukuponya kunja kwa dziko. Amatinso anthu a m'gemumo kwa zaka zambiri ankapezeka ataima pamipando m'malo mokhalapo.

Wometa wina, bambo wachikulire amene sanagwirepo gemu chibadwire, anamvetsera zonsezi mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ndiye mwati akamaliza, ndalama zizibwerabe chonchi?" Palibe anamuyankha. Ine ndili kumbali ya bamboyo. Munthu amene akulemera ndi lonjezo sindimuona chomuthamangitsira kumapeto.

Pali ena amene nkhani zimenezi saseka nazo. Awa ndi amene anagula Kerbal Space Program 2, gemu yomanga maroketi, imene inatuluka isanathe mu Febuluwale 2023 pamtengo wa madola pafupifupi 50. Yoyamba ija inali yokondedwa kwambiri ndi ophunzira za sayansi ndi uinjiniya, moti anthu analipira ndi mtima wonse. Inabwera yodzaza ndi zolakwika, zambiri zimene analonjeza kulibe, ndipo mu 2024 kampani ya Take-Two inatseka situdiyo ya Intercept Games imene inkaipanga. Kwa wa kunjako madola 50 ndi chakudya chamadzulo. Kwa wa kuno ndi kupempha khadi la kubanki la achimwene, kudikira kuti lilole kulipira kunja, kenako n'kuona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ngongole ija usanabweze. Steam imabweza ndalama ngati sipanathe masiku 14 ndipo sunasewere maola opitirira awiri, komanso imachenjeza poyera kuti gemu yotere mwina siidzasintha, ugule ngati wakhutira ndi momwe ilili lero. Chenjezolo aliyense amalidumpha. Maola awiriwo nawonso amatha ukulimbana ndi kuti gemuyo ingotseguka.

Ndiye pali nkhani ya bandulo, imene opanga magemu kunjako sakuidziwa n'komwe. Iwo akatulutsa apudeti amaona ngati apereka mphatso. Kuno mphatsoyo ndi magigabaiti angapo, kutchera alamu pakati pausiku kuti upezerepo mwayi pa bandulo yotchipa, kupemphera kuti magetsi asazime zili pa 90 peresenti. Ikatha kutsika, upeza kuti zimene unasunga sizikutsegukanso. Osewera Project Zomboid, ija yopulumuka pakati pa mitembo yoyenda, anazilawa pamene apudeti ya Build 42 inayamba kuyesedwa mu Disembala 2024: kunabwera nkhuku, ng'ombe ndi nkhosa zoweta, koma linga limene unamanga miyezi yambiri m'gemu yakale silikanasamukira m'yatsopanoyo. Chodabwitsa n'chakuti a The Indie Stone, opanga gemuyi, m'tauni muno amakhululukidwa msanga, ngakhale akhala pa Early Access kuyambira 2013. Chifukwa chake n'chakuti anyamata anamva zoti mu 2011 akuba anathyola nyumba ya opangawo ku England n'kunyamula malaputopu momwe munali ntchito ya miyezi yambiri. Zimenezi aliyense kuno amazimva m'mafupa. Wina anangopukusa mutu n'kuti, "Kani nakonso aliko?"

Tisanamizane, ambiri sagula. Magemu amayenda pafulashi, kuchokera kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu aja, ndipo yotengera njira imeneyi imaima pomwe inaimapo. Ndiye mupeza anthu awiri akukangana mpaka kutuluka thukuta, wina akuti m'gemumo muli zakuti, wina akulumbira kuti mulibe, onse akunena zoona, kungoti wa kumanzereyo akusewera ya zaka zitatu zapitazo. Amenewa ndiwonso amakalipa kwambiri kuti opanga ndi aulesi.

Za mtsikana wa patilu amene akaweruka amakatsegula Supermarket Simulator, ya ku Turkey ija, n'kuyambanso kudzaza mashelefu ndi kubweza chenji, anzake aseka mpaka atopa. Iye akuti kumeneko mitengo amaika yekha ndipo palibe bwana womuwerengera mphindi za kuchimbudzi.

Nkhani imene yandikomera ine ndi ya malume ena amene anabwera kuchokera kumudzi kudzaonana ndi adokotala, n'kupeza mphwawo ali pa Manor Lords. Gemuyi anaipanga pafupifupi yekha Greg Styczeń wa ku Poland, inatuluka isanathe mu Epulo 2024, ndipo m'masabata atatu okha inagulidwa kopitirira 2 miliyoni. Umayamba ndi mabanja ochepa m'misasa ndi ng'ombe imodzi yokoka mitengo. Malumewo anakoka mpando. Poyamba anangoonerera ng'ombe ija ikukoka chipika chimodzichimodzi, anthu akudikira kuti amange nkhokwe. Kenako anayamba kulamula. Munda uwo waulima kawiri motsatizana, ugoneke chaka chino. Nkhuni sunasonkhe, chisanu chikubwera, ana adzafa. Msika wauika kutali ndi nyumba, amayi aziyenda mtunda wonsewo? Mphwawo atanena kuti zinthu zina sizinaikidwemo, gemuyo sinathe, malumewo akuti anadabwa kuti vuto lili pati, poti mudzi nawo sumatha. Tsiku lobwerera analisuntha kawiri, ndipo akuti akaimba foni masiku ano amayamba afunsa ngati ng'ombe yachiwiri inagulidwa, za odwala pambuyo.

Pomwe ndikulemba pano kwatulukanso mnyamata wina wa kwathu konkuno amene akuti akupanga gemu ya minibasi. Mudzakhala kuitanira, kupanikiza anthu anayianayi pampando, kukangana za chenji, kuzimitsa injini potsetsereka kuti mafuta atsale, ndi kukhota msanga ukaona chipewa choyera kutsogolo. Anzake avomereza kuti ikadzatuluka, ya ku Germany ija idzachepa. Wayamba kale kulandira za msonkhemsonkhe pafoni, ndipo wandiuza kuti ndikaponya msanga dzina langa lidzalembedwa kumbuyo kwa minibasiyo. Ndinapempha kuti ndione pomwe afika. Pakadali pano chimene chikugwira ntchito ndi hutala.