Mmene mungatsitsire ulova ku Joni muli gone pamphasa

Achimwene, mwatsika basi ku Park Station, mwapeza kachipinda ka malata ku Zandspruit, ndipo mawa mukufuna kulawirira kukasaka ntchito. Dekhani kaye. Eni dziko akhala akulimbana ndi ulova kwa zaka zoposa 30, ndiye inu musabwere ndi phuma lanulo kudzawaonongera masamu.

Ulova kuno ndi udindo, munthu sangoutola panjira. A Stats SA, omwe amachita kalembera wa ntchito miyezi itatu iliyonse, ali ndi malamulo awo. Kuti akulembeni kuti ndinu lova, mukhale kuti sabata yathayi simunagwire ntchito, ndinu wokonzeka kuyamba, ndiponso mwakhala mukuisakasaka m'masabata anayi apitawa. Chikasowa chimodzi, mwalephera mayeso. Choncho mnzanu uja amene amangogona chagada n'kumawerenga mabowo a padenga, poti nsapato zinamuthera m'misewu ya Honeydew, si lova ayi. Iye ali m'gulu laulemu la otaya mtima. Anthu otere alipo oposa 3 miliyoni, ndipo chiwerengero chimene nduna zimakonda kutchula pa wailesi sichiwadziwa n'komwe.

Musaganize kuti ndi nthabwala, njirayi inayesedwa ndipo inagwira. Pakati pa Epulo ndi Juni 2020, boma litatsekera anthu m'nyumba chifukwa cha Covid-19, ntchito 2.2 miliyoni zinatha. Mukuganiza kuti ulova unatani? Unatsika, kuchoka pa 30.1 peresenti kufika pa 23.3. Panalibe fakitale yatsopano, panalibe nduna yodula riboni. Anthu anangoleka kufunafuna, basi. Tsoka lake, zitseko zitatsegulidwa anayambiranso khalidwe lawo loipa lofuna ntchito, ndipo pofika kumapeto kwa 2021 chiwerengero chinali pa 35.3. Kuphatikiza otaya mtima aja, chinapitirira 46. Kenaka chiwerengero cha nduna chija chinatsikako pang'ono, ndipo chakhala chikungozungulira cha m'ma 32 ndi 33, chakhazikika ngati mlendo amene wayamba kufunsa komwe mumasunga mbewu.

Ndikudziwa, m'mimba simumva masamu. Njala ikakuvutani, pali njira yachiwiri. Pezani katoni, mulembepo ndi makala kapena peni yaikulu zonse zimene munaonapo munthu akuchita: kupenta, kuika matailosi, mapaipi, gadeni. Pamwamba lembani kuti ndinu Mmalawi, poti mabwana a m'mipanda ya ku Jackal Creek amakhulupirira kuti ife tinabadwa ndi fosholo m'manja. Mukatero kaimeni m'mbali mwa Beyers Naudé Drive dzuwa lisanatuluke. Bhaki ikangochepetsa liwiro, amuna khumi amaithamangira, mwini wake n'kutsitsa galasi pang'ono, kukweza zala ziwiri. Mukakhala mmodzi mwa awiriwo, n'kugwira ganyu ngakhale ola limodzi lokha m'sabata yonse, mwatha ulova. M'buku la boma muli mumzere umodzi ndi bwana wa banki wa ku Sandton. Koma bhaki ikakusiyani, chonde bwererani msanga kunyumba, chifukwa kuima pamsewu kudikira ganyu nakonso amakuwerenga ngati kusaka ntchito. Mukhala mukuchititsa manyazi dziko lokusungani.

Mkulu wa banki ya Capitec panthawiyo, a Gerrie Fourie, anapeza njira yachidule kuposa yanga. Mu 2025 ananena kuti ukawerenga bwinobwino onse ochita timabizinesi ta m'makwalala, ulova ungakhale pafupi ndi 10 peresenti. A Stats SA anayankha kuti anthuwo amawawerenga kale. Komabe mayi wootcha mapazi a nkhuku pakona paja mumuuze, akondwe.

Phunziraninso kudikira, chifukwa mapulani alipo. Ufulu utabwera mu 1994 ulova unali cha m'ma 20 peresenti. Mu 1996 kunabwera GEAR, yolonjeza ntchito 400,000 pachaka pofika 2000. Mu 2006 kunabwera AsgiSA, yoti idule ulova pakati pofika 2014. Mu 2008 zinthu zinaoneka ngati zayamba kuyenda, chiwerengero chili cha m'ma 22, kenaka chuma cha dziko lonse lapansi chinagwedezeka, magetsi a Eskom nawo akuthimathima, ulova n'kuyambanso kukwera phiri. Mu 2010 New Growth Path inalonjeza ntchito 5 miliyoni pofika 2020. Yomwe ikugwira ntchito pano, National Development Plan ya 2012, ikuti pofika 2030 ulova udzakhala pa 6 peresenti. Ndiye bwanji mukuthamanga? Kwatsala pang'ono. Ndipo musaseke mokweza, inu ochokera kudziko kumene mu 2020 tinavinira ntchito 1 miliyoni.

Nkhani za agogo anu a ku Theba muzimvere nthano chabe. Iwo ankachita kutengedwa pa ndege ya Wenela, n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi jekete. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 migodi ya golide inkalemba anthu oposa 500,000. Lero safika 100,000, ndipo Amalawi analeka kulembedwa kudzera ku Theba mu 1988. Agogo akamati Joni sakana munthu, muziti inde agogo.

Tsiku lina wina adzakuimitsani, mwina wa gulu la Operation Dudula, mwina mnansi chabe, n'kukuuzani kuti mwamulanda ntchito. Musayambe kufotokoza kuti kalembera wa 2022 anapeza anthu obadwira kunja okwana 2.4 miliyoni, kuphatikizapo makanda ndi nkhalamba, pamene malova ovomerezeka ali cha m'ma 8 miliyoni. Masamu sathandiza pamene mnzako wanyamula chibonga, ndipo anthu 62 amene anaphedwa pa zipolowe zodana ndi alendo mu Meyi 2008 sanasowe mfundo. Ingothokozani mumtima kuti mwapezeka munthu mmodzi mu Gauteng monse amene akukhulupirira kuti muli pantchito, ndipo chikwama chanu chizikhala chomangamanga. Za thandizo la boma la R370 pamwezi musafunse, pasipoti yanu yaulendo siyifikako.

Chotsala ndi foni yakumudzi, imene imayamba kulira pa 25 mwezi uliwonse. Konzekerani yankho. Malinga ndi ziwerengero za bungwe la ILO, ulova ku Malawi uli cha m'ma 5 peresenti basi, chifukwa kwathu aliyense wopalira m'munda mwa mnzake kapena woyala tomato pamsewu ali pantchito. Ndiye alamu anu akayamba zoti feteleza wakwera, awerengereni manambala onse awiri modekha, 5 kwawoko, 33 kwanu kuno, kenaka muwafunse ngati akudziwa kumene kuli ofesi ya Mukuru yapafupi, chifukwa lendi ya kachipinda kanu ka malata ikufunika pa 1.