Khofi wa m'chigubu

Ife a ku Mikolongwe timadziwika ndi nkhuku. Pitani ku Karonga kapena ku Nsanje, mukangotchula kwanu munthu amayamba kukufunsani mtengo wa anapiye akuda aja, ngati kuti aliyense wobadwira kuno anachita maphunziro a zoweta. Ine zinanditopetsa. Ndinkafuna kuti dera lathu litchuke ndi chinthu chopanda nthenga, ndipo wondipatsa nzeru anali mlamu wanga wa ku Joni.

Mlamuyu amagulitsa khofi m'shopu ina ku Johannesburg. Pa Khirisimasi anatitengera kapaketi kolembedwa kuti khofiyo amamveka mango, vinyo ndi maluwa. Anatulutsa sikelo, kuyeza madzi, kuyeza khofi, n'kumathira pang'onopang'ono maso ali pa wotchi. Nditati nditape shuga anandigwira dzanja.

"Alamu, ameneyu sathira shuga. Mumuwononga."

Ndinamwa. Kuwawasa kwake! Mango sindinawapeze, chonsecho ndakulira pansi pa mtengo wa mango. Koma atanditchulira mtengo wa kapaketiko, mango aja anayamba kumveka chapatali.

Anandifotokozera kuti kuli anthu amene ntchito yawo ndi kulawa khofi. Amapsontha ndi supuni, kulavula, n'kupereka malikisi pa 100. Khofi amene wafika pa 80 amalowa m'gulu lapamwamba, ndipo mtengo wake suyenderanso wa pamsika. Wina wotere amachokera kwathu konkuno. Alimi a Mzuzu Coffee ku mapiri a Misuku amalima mtundu wa Geisha, womwe unazunguza mitu ya ogula pa mpikisano wa ku Panama mu 2004. Mwa nthawi zonse, khofi akapsa psuu amathyoledwa, kusendedwa ndi makina tsiku lomwelo, kusiyidwa m'thanki tsiku limodzi kapena awiri kuti zoterera zichoke, kutsukidwa, n'kuyanikidwa pa thandala. Koma masiku ano, anatero mlamu, ndalama ili pa kusasitsa. Zipatso amazitsekera m'migolo yosalowa mpweya, tizilombo tosaoneka ndi maso n'kumadya shuga wa m'chipatsomo, fungo lake n'kulowerera mpaka m'njere. Mu 2015 Saša Šestić wa ku Australia anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa opanga khofi ndi njira yotereyi, yomwe anaibwereka kwa opanga vinyo.

Apa m'pamene ndinaimika makutu. Choyamba, nkhuku zathu zakuda zija ndi Black Australorp, kwawo n'ku Australia komweko, choncho ine ndi bamboyo tili pa chibale ndithu. Chachiwiri, kusasitsa akuphunzitse ndani Mmalawi? Mayi anga aviika mphale kuyambira ndisanabadwe. Thobwa lawo amalidziwa ndi mphuno kuti lero ndi la ana, mawa ndi la akuluakulu, mkuja likufuna chilolezo. A kunyanja ali ndi kondowole wawo, ofulula masese ali ndi mbiya zawo. Onsewa palibe anawapatsapo malikisi, ngakhale chikho cha pulasitiki. Munthu wa sikelo wachita zomwezo, dziko lonse laimirira n'kumuwombera m'manja.

Khofi ndinali naye. Agogo aamuna, omwe ankagwira ntchito pa esiteti ina ku Thyolo, anasiya mitengo ingapo kuseri kwa khola. Musaiderere. Mbiri imati khofi anafika ku Blantyre Mission mu 1878, mbande zake zitachokera ku Edinburgh ndi Jonathan Duncan, ndipo m'zaka za m'ma 1890 mapiri athu ano anali a khofi, tiyi ndi fodya zisanamulande malo. Ndinadziona ngati wobwezeretsa ufumu.

Nthawi yozizira itakwana, zipatso zinapsa. Ndinathyola zofiira, n'kuwonjezerako zachikasu kuti chigubu chidzaze. Chigubucho chinali cha malita 20, chotungira madzi cha akazi anga, mayi a Tadala, chomwe ndinabwereka iwo ali ku msonkhano wa banki m'khonde. Ndinaphimba kukamwa ndi pepala la shuga, kutseka chitsekero, kukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga mpaka manja kuchita matuza. Poopa akuba, komanso poopa mwini chigubu, ndinachilowetsa kunsi kwa bedi.

Chinayamba kutupa. M'mbali mwake munali mwa ngodya, koma munasanduka mobulungira, ndipo usiku chinkalira chokha kuti tswii. Ine ndinati ndiye malikisi akukwera amenewo. Ndinamuyerekezera 84.

Chinaphulika cha m'ma 2 koloko usiku. Phuu! Bedi linanyamuka. Mayi a Tadala anakuwa kuti akuba, ana anathawira kwa agogo awo, anthu oyandikana nafe anafika ndi zibonga ndi matochi a pafoni. Anandipeza nditagwada, ndikuwola chuma changa ndi manja, nyumba yonse ikununkha mowa.

"Bambo a Tadala, chigubu changa chija ndi ichi?"

Kutacha ndinaimbira mlamu pa WhatsApp. Anaseka mpaka foni kuduka. Ataimbanso anafunsa ngati ndinaika kapaipi kotulutsira mpweya, poti chinthu chikamasasa chimatulutsa mpweya wambiri, n'chifukwa chake migolo ya anzathuwo imakhala ndi potulukira pamwamba. Akuti anandiuza pa Khirisimasi paja. Mwina ananenadi pamene ine ndinkawerengera malata a nyumba yatsopano.

Zomwe ndinapulumutsa ndinayanika pa mkeka, nkhuku n'kudyapo gawo lawo. Zotsalazo ndinakonola, kukazinga m'chiwaya, kusinja mu mtondo wa nsinjiro, ndi kuitana olawa. Mkulu wa mpingo wathu anangonunkhiza kapu, kuyang'ana uku ndi uku, n'kukumbukira kuti ali ndi odwala oti akawaone. Apongozi anamwa pang'ono, kusunga mkamwa mwaulemu, kenako anameza.

"Mwayesetsa, bambo. Akumveka ngati matsukwa ogona. Shuga alipo?"

Sindinataye mtima. Mlamu uja anatchulaponso za kopi luwak wa ku Indonesia, khofi wodula amene amamutola m'ndowe za kanyama kofanana ndi chombwe, katadya zipatso n'kutulutsa njere zathunthu. Ku Thailand ntchito yomweyo amagwira ndi njovu. Ine njovu ndilibe, koma zija zinadya pa mkeka ndi nkhuku za mtundu, zodziwika dziko lonse la Malawi.

M'bandakucha ndinalowa m'khola ndi kamtengo. Nthutumba ya nkhuku ya Mikolongwe, abale anga, siyisiya kanthu kathunthu. Ndili chotokosa choncho ndinamva munthu akutsokomola pakhomo pa khola.

"Mukamaliza kufufuza zitosizo mutsire m'dimba. Ndipo chigubu ndikuchifuna Loweruka lisanafike, cha chitsekero chake."